Mjigo wa pa intaneti: tonse tikutunga, nanga akukonza ndani?

Kumudzi mjigo ukamatulutsa madzi, palibe amafunsa kuti adaukumba ndani. Aliyense amangofika ndi ndowa yake, kujiga, n'kumapita. Koma tsiku loti wafa, mudzi wonse umangoyang'anizana. Lero, awerengi, ndikufuna tikambirane za mjigo wina, womwe akutungako achinyamata olemba mapulogalamu a kompyuta ndi omanga mawebusaiti.

Poyamba tiyamike. Pa 30 Epulo 1993 bungwe la CERN ku Geneva lidalengeza kuti luso la webu, lomwe Tim Berners-Lee adaliyambitsa mu 1989, aliyense aligwiritse ntchito osalipira kanthu. Mtima umenewo sudafe ayi.

Taonani. Webusaiti ili ngati nyumba: HTML ndiye njerwa, CSS ndiye pulasitala ndi penti, JavaScript ndiye mawaya a magetsi. Zonsezi zidafotokozedwa mwatsatanetsatane pa MDN Web Docs, yomwe a Mozilla adaikhazikitsa mu 2005. Wofuna kuyamba pa ziro apite pa freeCodeCamp, yomwe idatsegulidwa mu 2014, kapena atsatire maphunziro a CS50 a yunivesite ya Harvard. Cholembera pulogalamu chilipo, Visual Studio Code, chaulere. Git, yomwe Linus Torvalds adailemba mu 2005, imasunga mbiri ya chilichonse chomwe wasintha, moti ukalakwitsa umangobwerera pomwe zidali bwino. Ukasokonezeka, pa Stack Overflow pali mafunso ndi mayankho ounjikana kuyambira 2008. Paja safunsa adadya phula.

Ine amene ndidasiyira panjira ku yunivesite ndikuuzeni zoona: pazipata zimenezi palibe mlonda wofunsa satifiketi. Chomwe chimavuta ndi ndalama ya bandulo basi.

Koma ulere umaiwalitsa. Mverani nkhani iyi. Pali nkhokwe ina yotchedwa npm, momwe olemba JavaScript amasungamo tizidutswa ta mapulogalamu kuti anzawo azingotenga m'malo moyamba kulemba okha. M'mwezi wa Malichi 2016, mkulu wina, Azer Koçulu, adasemphana ndi eni nkhokweyo pa nkhani ya dzina la kachidutswa kake kena. Atakwiya adachotsamo katundu wake yense. M'katunduyo mudali kanthu kotchedwa left-pad, mizere 11 yokha, ntchito yake kungowonjezera mipata kapena maziro kumanzere kwa mawu. Abale, ntchito zikwizikwi padziko lonse zidaima, kuphatikizapo zodalira Babel ndi React, zida zomwe makampani akuluakulu amagwiritsa ntchito. Eni nkhokwe adachita kukabwezeretsa mwachangu tsiku lomwelo. Ambiri mwa amene adalira sadali kudziwa n'komwe kuti nyumba yawo idatsamira pa kamtengo kameneka.

Nayi ina. Mu Epulo 2014 kudadziwika vuto lotchedwa Heartbleed mu OpenSSL, pulogalamu yomwe imabisa zomwe mukutumiza pa intaneti kuti akuba asawerenge. Kudzera pa bowo limenelo munthu akadatha kutola manambala achinsinsi a anthu osasiya mapazi. Atafufuza, dziko lidadzidzimuka kumva kuti ntchito yofunika choncho inkagwiridwa ndi anthu owerengeka, ndipo zopereka zachifundo zomwe ankalandira zidali pafupifupi madola 2,000 okha pachaka. Mabanki ndi makampani olemera ankatunga tsiku ndi tsiku, koma ya girizi osasonkha. Adayamba kuponya ndalama mjigo utafa kale.

Tsono phunziro lake n'lotani kwa mnyamata kapena mtsikana amene akumangira webusaiti sukulu, chipatala kapena gulu losunga ndi kubwereketsa ndalama?

Choyamba, dziwa chomwe watenga. Kukopera mizere ya wina n'kuimata mu ntchito yako usadaimvetse kuli ngati kumwa mankhwala opanda dzina chifukwa choti mnzako adachira nawo. Werenga malangizo ake. Ona ngati eni ake akukasamalirabe kachidutswako kapena adakanyanyala kalekale. Ngati ntchitoyo ndi ya mizere 11, bwanji osangolemba wekha? Ndipo ChatGPT, yomwe idabwera mu 2022, siyidachotse udindo umenewu. Imayankha molimba mtima ngakhale pomwe yaphonya. Zikavuta, mwini ntchito sadzaimbira foni makina, adzaimbira iwe. Mayina ndi ndalama zomwe zili m'menemo ndi za anthu enieni, mwina azakhali ako omwe.

Chachiwiri, bwezako. Sizilira kukhala katswiri. Wapeza cholakwika? Auze eni ake pa GitHub momveka bwino. Malangizo ali ndi posokoneza? Konza. Mnzako wafunsa zomwe iwe udavutika nazo chaka chatha? Muyankhe. Ndipo mabwana amene mabizinesi anu akuyenda ndi zida zaulerezi, kodi n'kulakwa kupatula kangachepe kothandizira ozisamalira, kapena kulola wantchito wanu kuthera maola angapo pamwezi akuthandiza nawo?

Akuluakulu adati kupatsa n'kuika. Ndiponso pa GitHub ntchito yako imaonekera poyera, moti kwa ife opanda mapepala imeneyo ndiye mboni yotilankhulira pofuna ganyu.

Tungani ndithu, madziwo ndi aulere. Koma mukamachoka pamjigo, tatembenukani muone ngati chogwirira sichikugwedera.