Ng'anjo zinazima, lichero lidakalipo: kusunga luso la makolo ku Mwanza

Boma la Mwanza, lomwe lili kumadzulo kwa chigawo cha kummwera ndipo limachita malire ndi dera la Tete la dziko la Mozambique pa chipata cha Zobue, limadziwika kwambiri ndi manachesi komanso magalimoto akuluakulu onyamula katundu amene amadutsa pa msewu wa M6 usana ndi usiku. Kalembera wa 2018 anapeza kuti bomali lili ndi anthu oposa 130,000, omwe ali pansi pa mafumu Kanduku, Nthache ndi Govati, chifukwa dera la Neno linapatulidwa mu 2003 n'kukhala boma palokha. Anthu akamakamba za kusunga zinthu za makolo, dzina la Mwanza silimveka kawirikawiri monga limamvekera la Chongoni ku Dedza, kumene malo 127 a zojambula za pa miyala anazindikiridwa ndi bungwe la UNESCO mu 2006. Komatu derali lili pakati pa Tete ndi mtsinje wa Shire, m'dziko lomwe kale linali la Amaravi, ndipo mbiri ya luso la manja m'dziko limeneli imaonetsa poyera zimene nyumba yosungiramo zakale imatha kusunga ndi zimene siingathe.

Akatswiri amagawa cholowa cha mtundu wa anthu m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la zinthu zogwirika, monga nyumba zakale, manda, mapale a mbiya, mikondo ndi makalata, pamene gulu lachiwiri ndi la zosagwirika, kutanthauza nzeru, magule, chilankhulo ndi luso lomwe limakhala m'mutu ndi m'manja mwa munthu. Mtsuko uli m'gulu loyamba, koma kudziwa dambo lomwe lili ndi mtapo wabwino, masiku amene mbiya yaiwisi iyenera kuuma pa mthunzi, ndi nkhuni zoyenera kuotchera kuti isang'aluke, zonsezo zili m'gulu lachiwiri, ndipo zimalowa m'manda limodzi ndi mwini wake ngati sanazisiyire wina.

Bungwe lakale kwambiri mwa mabungwe odzipereka osunga mbiri m'dziko muno ndi Society of Malawi, lomwe linakhazikitsidwa mu 1946 ndi dzina loti Nyasaland Society ndipo linasintha dzina dziko litalandira ufulu wodzilamulira. Kuyambira mu 1948 bungweli lakhala likusindikiza magazini ya kafukufuku, yomwe poyamba inkatchedwa Nyasaland Journal ndipo lero ndi Society of Malawi Journal, ndipo laibulale yake ili m'chipinda chapamwamba cha Mandala House ku Blantyre, nyumba yomangidwa mu 1882. M'laibulale imeneyi muli mabuku, zithunzi ndi zolemba za anthu monga W. H. J. Rangeley, mkulu wa boma la atsamunda amene anasonkhanitsa mbiri yapakamwa ya mitundu ingapo ya kuno. Nyumba yomweyo ndiyo inasunga zinthu zoyamba za nyumba ya chionetsero cha zakale ya dziko lino kuchokera mu 1960, kufikira pamene ya ku Chichiri inatsegulidwa mu 1966. Sizobisa kuti oyambitsa bungweli anali azungu a nthawi ya utsamunda ndipo zambiri zimene zinalembedwa m'zaka zoyambirira zinkaona Mmalawi ndi diso la mlendo. Ngakhale zili choncho, amene akufuna kudziwa mmene makolo a m'dera la Shire ankasulira ndi kuombera nsalu sangapewe zolemba za mtundu umenewu, popeza amisiri eni akewo sanasiye mabuku.

Zolembazo zimafotokoza dziko lotanganidwa ndi ntchito zamanja. Msilikali wa Chipwitikizi Antonio Gamitto, amene ananyamuka ku Tete mu 1831 pa ulendo wopita kwa Mwata Kazembe n'kudutsa m'dziko la Amaravi, analemba za anthu oyenga chitsulo ndi kusula makasu omwe ankagulitsidwa mpaka m'midzi ya m'mbali mwa Zambezi. David Livingstone ndi John Kirk, pokwera mtsinje wa Shire mu 1859, anapeza midzi ya Amang'anja ili ndi ng'anjo, ootcha makala ndi osula, ndipo anaona thonje la mitundu iwiri, la manga lomwe mbewu yake inachokera kunja ndi la kaja lomwe linali la kuno, likupotedwa ndi kuombedwa kukhala nsalu yolimba yotchedwa machila. Khasu pa nthawiyo silinali chida cholimira chokha, pakuti linkagwiranso ntchito ngati ndalama pa msinthano, ndipo nsalu ya machila inkayenda malonda kutali ndi kwawo.

Kuyenga chitsulo kunali ntchito yofuna nzeru zambiri kuposa mmene ambiri amaganizira lero. Ng'anjo inali uvuni woumbidwa ndi dothi, nthawi zambiri la pa chulu, momwe ankaikamo miyala yokhala ndi chitsulo mosanjikiza ndi makala a mitengo yolimba, kenaka n'kukolezera moto ndi mpweya wolowa kudzera m'timipope tadothi. Chitsulocho sichinkasungunuka ngati madzi monga zimachitikira m'mafakitale amakono, koma chinkaundana pansi pa ng'anjo ngati chibuma chosakanikirana ndi zinyalala, ndipo chibumacho chinkapita ku chipala, komwe ndi malo osulira, kuti akachitenthenso ndi mvukuto, thumba lachikopa cha mbuzi lopemerera moto, ndi kuchimenya mpaka zinyalala zitachoka. Mmisiri ankazindikira kutentha koyenera poona mtundu wa lawi, ndipo ntchito yonseyi inali ndi miyambo ndi zoletsa zake. Palibe mudzi lero umene ukuyengabe chitsulo motere pofuna makasu a m'munda. Osula alipo ndithu m'misika ndi m'midzi, koma nkhwangwa, zikwakwa ndi mipeni yawo amasula kuchokera ku zitsulo zakutha za galimoto, kotero kuti theka la lusoli, lomwe ndi kusula, linapulumuka pamene theka linalo, kusandutsa mwala kukhala chitsulo, linatsala m'mabuku okha.

Zimene zinazimitsa ng'anjo ndi zodziwika. Nkhondo za ogwira akapolo ndi njala yoopsa ya 1862 ndi 1863 zinabalalitsa midzi ya m'chigwa cha Shire, ndipo pambuyo pake kunabwera makasu ndi nsalu za m'mafakitale a ku Ulaya zomwe zinali zotsika mtengo poyerekeza ndi thukuta la masiku ambiri a pa ng'anjo. Dziko litakhala pansi pa Britain mu 1891, msonkho wa nyumba unakankhira amuna ku minda ya azungu ndi ku migodi ya kummwera, ndipo mnyamata amene akanakhala pambali pa malume ake kupemerera mvukuto anali pa ulendo. Pali chinthu chochititsa chidwi apa: Mandala House, momwe lero muli zolemba za luso lotayikali, inamangidwa ndi kampani ya African Lakes ya John ndi Frederick Moir, yomwe masitolo ake anathandiza kufalitsa nsalu ndi katundu wina wakunja m'dziko muno.

Kuumba mbiya sikunafe imfa yotereyi, ndipo ndi luso lomwe lili ndi mbiri yaitali kwambiri yooneka ndi maso. Akatswiri okumba zakale amatha kudziwa nthawi imene anthu anakhala pa malo poona maumbidwe ndi zokongoletsa za mapale, ndipo mitundu ya mapalewo anaipatsa mayina a malo omwe anaipeza koyamba, monga Nkope, Kapeni, Longwe ndi Mawudzu. Mapale a Nkope ndi a alimi oyambirira odziwa chitsulo, omwe anafika kuno zaka zoposa 1,500 zapitazo, pamene a Mawudzu amagwirizana ndi nthawi ya Amaravi, monga anaonetsera kafukufuku wa Yusuf Juwayeyi ku Mankhamba, likulu lakale la Kalonga, mfumu ya Amaraviwo. Woumba wa lero, yemwe kawirikawiri ndi mayi amene anaphunzira kwa amayi ake kapena agogo ake, amakumba mtapo, amausinja ndi kuukanda, amaumba ndi manja popanda makina ozungulira, amasalaza ndi chitsononkho cha chimanga kapena kamwala kosalala, ndipo mbiya zikauma amaziotcha pabwalo ndi nkhuni ndi udzu. Zimene amaumba zili ndi mayina malinga ndi ntchito yake: mtsuko wa madzi, nkhali yophikira nsima, mphika wa ndiwo, mbiya yaikulu yofululira mowa kapena thobwa. Ndowa zapulasitiki ndi mapoto achitsulo zalanda ntchito zambiri mwa izi chifukwa n'zopepuka ndipo sizisweka pa njira ya ku mjigo, koma mtsuko ukadali m'nyumba zambiri pa chifukwa chimodzi chomveka, chakuti madzi amene amatuluka pang'onopang'ono m'timabowo ta dothi akamauma amaziziritsa otsala m'kati, zomwe ndowa siingachite.

Lichero nalo lapulumuka pa chifukwa chofanana. Limalukidwa ndi timizere ta nsungwi topalidwa bwino n'kumangiridwa ku mkombero, ndipo kupepuka kwake, kufewa kwake ndi kukhakhala kwa pansi pake ndizo zimathandiza mayi kulekanitsa gaga ndi mphale popeta, ntchito yomwe beseni lapulasitiki limalephera. Dengu, nsengwa ndi nkhokwe zimafunanso nsungwi, mphasa imasokedwa ndi bango la m'madambo, mkeka umalukidwa ndi mlaza, pamene mtondo, munsi, mthiko ndi chipande zimasemedwa ku mitengo yosankhidwa. Zikuoneka kuti luso limakhalitsa pamene chinthu chake chili ndi ntchito yomwe cha m'sitolo sichingagwire, ndipo limazilala pamene chatsala chokongoletsera pa khoma. Dengu likanapeza mwayi watsopano pamene boma linaletsa majumbo opyapyala osafika mamaikironi 60 mu 2015, chiletso chomwe khoti lalikulu la apilo linachivomereza mu 2019, koma milandu yotsatizana ya makampani opanga mapulasitiki inachedwetsa kugwira ntchito kwa lamuloli kwa zaka zambiri.

Chiopsezo chachikulu ku Mwanza si pulasitiki yekha ayi, koma kutha kwa tchire. Mwanza ndi Neno ndi ena mwa maboma omwe amadyetsa mbaula za mu mzinda wa Blantyre, ndipo matumba a makala oimikidwa m'mbali mwa msewu ndi umboni wosafuna kafukufuku, ngakhale lamulo la za nkhalango la 1997 limafuna kuti wootcha makala akhale ndi chilolezo. Nkhalango yotetezedwa ya Thambani ndi mapiri ozungulira zili ndi mitengo ya mtundu wa mombo ndi tsamba, yomwe khungwa lake limapereka luzi ndipo kale linkasulidwa kukhala chiwondo, nsalu ya makolo. Mtondo wosinjira umafuna thunthu lalikulu la mtengo womwe wakula zaka makumi angapo, ng'oma nayonso chimodzimodzi, ndipo woumba sangaotche mbiya popanda nkhuni zokwanira. N'zomvetsa chisoni kuti makala omwewo amene ankayenga chitsulo ndiwo lero akudya zipangizo za maluso otsalawo, ngakhale kuti n'kulakwa kuloza chala mlimi yekha amene amaotcha makala chaka cha njala n'kuiwala wogula wa m'tauni.

Malamulo a dziko lino anayamba ndi kuteteza zogwirika. Nthambi ya boma yoona za zinthu zakale inakhazikitsidwa mu 1967, ndipo lamulo la Monuments and Relics Act la 1990 limaletsa kukumba, kuononga kapena kutulutsa m'dziko zinthu zakale popanda chilolezo. Lamuloli ndi lofunika m'boma la m'malire ngati Mwanza, komwe katundu amaoloka tsiku ndi tsiku ndiponso komwe ntchito zikuluzikulu, monga njanji yochokera ku migodi ya malasha ya ku Moatize kupita ku Nacala, zimafukula nthaka yomwe ingakhale ndi mapale ndi zotsalira za ng'anjo. Za zosagwirika zinabwera pambuyo, pamene Malawi anavomereza mu 2010 pangano la UNESCO la 2003 loteteza cholowa chotere. Gule Wamkulu, yemwe zigoba ndi zilombo zake ndi ntchito ya osema ndi oluka odziwa zinsinsi za ku dambwe, anali atazindikiridwa kale ndi UNESCO mu 2005 pamodzi ndi Vimbuza, nsima inalembedwa mu 2017, ndipo mu 2020 Malawi ndi Zimbabwe analembetsa limodzi luso lopanga ndi kuimba sansi, kachida koimbira kokhala ndi timano tachitsulo pa thabwa. Kulembetsa kwa sansiku n'kofunika chifukwa kunatchula kapangidwe kake, osati kaimbidwe kokha, ndipo kunavomereza kuti wosema thabwa ndi wosula timanoto nawonso ndi eni cholowa.

Chitsanzo chapafupi cha kusunga luso posunga amisiri ake chili ku Mua m'boma la Dedza, kumene wansembe Claude Boucher anayambitsa malo a KuNgoni mu 1976, ndipo osema kumeneko amaphunzitsana ndi kupeza chakudya kuchokera ku ntchito yawo, pambali pa nyumba ya chionetsero ya Chamare. Zoterezi zimayenda bwino pa zosema zogulidwa ndi alendo ndi matchalitchi, koma lichero ndi mtsuko wa ku Mwanza msika wake ndi wa anthu a m'mudzi omwewo, ndipo mtengo wake sungakwere kuposa zimene mlimi angakwanitse. Chimene mabungwe a mbiri, sukulu ndi mafumu angachite mosafuna ndalama zambiri ndi ntchito imene sinachitike mokwanira kwa oyenga chitsulo nthawi idakalipo: kujambula mawu ndi zithunzi za amisiri akugwira ntchito kuyambira pokumba mtapo kapena podula nsungwi mpaka pomaliza, kulemba m'Chichewa mayina a zida, a mitundu ya kalukidwe ndi a madambo okumbako dothi, ndi kuonetsetsa kuti madambo ndi zitsamba za nsungwi zimenezo zalowa m'malamulo a nkhalango za m'midzi, zomwe lamulo la 1997 lija linapereka m'manja mwa mafumu ndi makomiti a m'midzi.