Laputopu yokonzera zithunzi za mumdima: GPU yokwera mtengo ija imakupatsani chiyani?

Pitani kunyanja ya Chiuta m'bandakucha, asodzi akubwerako ndi mabwato awo, mujambule ndi kamera. Pa kasikirini ka kamera chithunzi chioneka bwinobwino. Koma mukachikuza pa kompyuta, thambo lomwe maso anu analiona losalala lija lidzaza timadontho tofiira, tobiriwira ndi tabuluu, ngati wina wawazapo mchenga. Ojambula amatcha timadonthoti kuti noise. N'chimodzimodzi ndi zithunzi za paukwati kukada, anthu akuvina pansi pa babu limodzi lokha.

Tsono tiyerekeze kuti achimwene anu a ku Ngokwe agulitsa mpunga, ndipo akufuna kugula laputopu kuti ayambe kujambula maukwati. Apita ku Liwonde kapena ku Blantyre, wogulitsa n'kuwauza kuti, "Tengani iyi achimwene, ili ndi graphics, zithunzi zizituluka zoyera." Mtengo wake ndi wokwera kuposa inzake yomwe ili pambali. Alipire kapena asiye? Kuti tiyankhe, tiyambe tadziwa komwe noise imachokera komanso ntchito imene kompyuta imagwira poichotsa.

Noise imachokera kuti?

Kuwala kumabwera m'timagawo ting'onoting'ono totchedwa mafotoni. Mkati mwa kamera muli sensa, yomwe ili ndi timabokosi mamiliyoni ambiri totchedwa mapikiselo. Pikiselo iliyonse imawerenga mafotoni amene aigwera pa nthawi imene kamera yatsegula diso.

Ikani mabeseni khumi ofanana panja mvula ikungowaza, muwachotse pakatha mphindi imodzi. Lina lidzakhala ndi madontho asanu, lina awiri, lina asanu ndi atatu. Koma muwasiye pa mvula yamphamvu kwa ola lathunthu, madzi ake adzakhala pafupifupi ofanana. Mafotoni nawo amagwa mwachisawawa chomwecho. Asayansi anapeza kuti kusiyanaku kumayenda ndi square root ya chiwerengero chake. Pikiselo ikalandira mafotoni 100, kusiyana kumakhala pafupifupi 10, kutanthauza 10 pa 100 aliwonse. Ikalandira 10,000, kusiyana ndi 100, komwe ndi 1 yekha pa 100 aliwonse. Ndiye kuwala kukachepa, mapikiselo oyandikana amasiyana kwambiri ngakhale akuyang'ana thambo limodzi lomwelo. Noise ija ndi imeneyo. Mukakweza ISO pa kamera, simukuwonjezera kuwala ayi, mukungokuza chizindikiro chofooka chija pamodzi ndi zolakwika zake zomwe.

RAW ndi chiyani?

Mapikiselo a sensa saona mitundu. Pamwamba pa iliyonse pali kagalasi kolola mtundu umodzi wokha kudutsa, wofiira, wobiriwira kapena wabuluu. Kasanjidwe kameneka anakapanga ndi Bryce Bayer wa kampani ya Kodak m'zaka za m'ma 1970, ndipo makamera ambiri amakagwiritsabe ntchito. Choncho pikiselo iliyonse imadziwa mtundu umodzi, ina iwiriyo kompyuta imachita kuwerengera poyang'ana mapikiselo oyandikana nayo.

Mukajambula JPEG, kamera imachita zonsezi yokha n'kutaya zambiri. RAW ndi manambala a sensa asanaphikidwe, ngati mpunga wosapuntha. JPEG imasunga milingo 256 ya kuwala pa mtundu uliwonse, pamene RAW ya 14-bit imasunga milingo 16,384. N'chifukwa chake ojambula amakonda kuchotsa noise pa RAW. Vuto lake ndi kukula: mapikiselo 24 miliyoni kuchulukitsa ndi ma bit 14, mupeza pafupifupi 42 MB pa chithunzi chimodzi chisanapanikizidwe.

Kale mapulogalamu ankachotsa noise pongosakaniza mapikiselo oyandikana, mwakuti tsitsi ndi maluwa a pachitenje zinkafufutika limodzi ndi timadontho. Masiku ano kuli njira ya AI. Pulogalamu imaphunzitsidwa ndi zithunzi zambirimbiri, china chodzaza noise china choyera, mpaka izitha kusiyanitsa kadontho kolakwika ndi ulusi weniweni wa nsalu. Kampani ya ku France ya DxO inatulutsa DeepPRIME mu 2020, ndipo Adobe inaika Denoise mu Lightroom mu 2023. Zotsatira zake n'zogometsa, koma pikiselo iliyonse imafuna masamu ambirimbiri a kuchulukitsa ndi kuphatikiza. Apa ndi pamene GPU imalowera.

CPU ndi GPU zimasiyana pati?

CPU ndiye kapitawo wa kompyuta. Ili ndi antchito ochepa otchedwa ma core, mwina anayi kapena asanu ndi atatu, koma aliyense ndi katswiri wotha ntchito zovuta. GPU ili ndi antchito mazana kapena masauzande, aliyense wodziwa kantchito kophweka basi, koma onse amagwira pa nthawi imodzi.

Ganizirani zowokera mpunga kudambo. Ntchito yake ndi imodzimodzi: tenga mbande, bzala, suntha. Akatswiri anayi a zaulimi atha masiku ambiri, koma mudzi wonse utalowa m'munda pamodzi, pofika masana zatheka. Kuchotsa noise kulinso choncho, samu yomweyo kubwereza pa mapikiselo mamiliyoni.

Laputopu iliyonse ili ndi GPU. Kusiyana kuli pa mtundu wake. Yoyamba ndi yomangidwira pamodzi ndi CPU, imene pa Chingerezi amati integrated, monga Intel UHD, Intel Iris Xe kapena AMD Radeon ya m'maprosesa a Ryzen. Yachiwiri ndi yapayokha, imene amati dedicated, monga NVIDIA GeForce RTX. Iyi ili ndi chipu chakechake komanso memory yakeyake yotchedwa VRAM. RTX 3050 ya m'malaputopu, ya VRAM ya 4 GB, ili ndi ma core 2,048, ndipo RTX 4060 ili ndi 3,072 ndi VRAM ya 8 GB. Ma RTX alinso ndi tizigawo totchedwa Tensor cores, topangidwira masamu a AI enieniwo.

Nkhani sili pa kuchuluka kwa antchito pokha. Antchitowo amafuna kuwabweretsera manambala msanga. GPU yomangidwira pamodzi imatunga pa RAM yomweyo imene CPU ikugwiritsa ntchito, ngati banja lotunga pa mjigo wa mudzi wonse, lomwe liyenera kuima pamzere. GPU yapayokha ili ndi chitsime chake pakhomo. RAM ya DDR4-3200 ikakhala timitengo tiwiri imatumiza pafupifupi 51 GB pa sekondi, ikakhala kamodzi imatumiza theka lake. VRAM ya RTX 4060 ya m'malaputopu imafika 256 GB pa sekondi.

Ndiye chithunzi chimatuluka chokongola koposa?

Ayi, ndipo apa ndi pamene wogulitsa uja wasokoneza. Pulogalamu ikakhala yomweyo, masamu ake ndi omwewo. Samu ya 7 × 8 yankho lake ndi 56, kaya mwaiwerengera pamtima kaya pa kakyuleta. Bola pulogalamuyo ikutha kuyenda pa laputopuyo, chithunzi chochokera pa GPU yaing'ono ndi chochokera pa yaikulu simungazisiyanitse ndi maso. Chimene ndalama zowonjezera zija zimagula ndi nthawi. Ntchito imene GPU yapayokha imatha m'masekondi, yomangidwira pamodzi yakale imatha kuichita kwa mphindi zingapo. Chenjezo lake n'lakuti pa malaputopu akale kwambiri mapulogalamu ena a AI amakana n'kuyamba komwe, kapena amaima panjira memory ikachepa. A Adobe amalangiza kuti Denoise imayenda bwino pa GPU ya memory yokwana 8 GB kapena kuposa.

Tiyeni tichite samu ndi manambala ongoyerekeza. Achimwene aja abwera ku ukwati ndi zithunzi 300 za usiku. Laputopu yoyamba ikutenga mphindi 3 pa chithunzi, ndiye zonse ndi mphindi 900, maola 15. Yachiwiri ikutenga masekondi 15, zonse ndi mphindi 75 zokha. Ngati eni ukwati akufuna zithunzi Lolemba, kusiyanaku ndi ndalama. Koma ngati zithunzi zofunika kukonza ndi khumi, yoyamba ija ithana nazo pa theka la ola, inu mukudya nsima.

Nanga magetsi?

Kumadera ngati Ngokwe, komwe ambiri amatchaja zinthu pa sola, funso ili n'lalikulu. Kumbukirani za mu Physics: energy ndi power kuchulukitsa ndi nthawi. Tinene kuti laputopu yoyamba ikukoka mawati 25 ikamagwira ntchitoyi. Pa maola 15 idya 375 Wh. Yachiwiri ikukoka mawati 100, koma pa ola limodzi ndi mphindi 15 idya 125 Wh basi. Mwaona? Yamphamvu ija ikhoza kudya magetsi ochepa pa ntchito yonse chifukwa imamaliza msanga.

Koma pali pogona nkhani. Tchaja ya laputopu wamba imakhala ya mawati 45 kapena 65, pamene ya malaputopu a masewera nthawi zambiri imakhala ya mawati 150 kupita m'tsogolo. Kasola kakang'ono koyatsira mababu ndi kutchajira mafoni sikangaikwanitse. Komanso GPU yapayokha imadzichepetsera liwiro ikamayendera batire, ndiye popanda magetsi okwanira, mphamvu munalipira ija simuiona. Kutentha nakonso kumavuta. Mu Okutobala kuno ku Machinga, chipu chikatentha kwambiri chimadzibweza chokha kuti chisapse. Musaike laputopu pa matiresi kapena pa bulangeti, ikani pa tebulo kuti mpweya uzilowa pansi, ndipo muzichotsa fumbi pa timabowo ta fani.

Dziwaninso kuti si GPU iliyonse yomangidwira pamodzi imene ili yofooka. Machipu a Apple, kuyambira M1 ya mu 2020, ali ndi GPU ndi CPU pamodzi koma memory yake ndi yothamanga kwambiri, ndipo amachotsa noise msanga osadya magetsi ambiri. Kumbali inayi, GPU yapayokha yakalekale ya VRAM ya 2 GB ikhoza kupitiriridwa ndi yomangidwira pamodzi yatsopano. Choncho mawu oti "ili ndi graphics" paokha sakukuuzani kanthu.

Musanapereke ndalama

Yatsani laputopuyo pomwepo m'sitolo. Pa Windows dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager itseguke, kenako pitani pa Performance. Mukaona GPU 0 ndi GPU 1, kawirikawiri ndiye kuti zilipo ziwiri. Werengani dzina lake, muonenso nambala ya pa Dedicated GPU memory. Ya pa Shared GPU memory isakunamizeni, imeneyo ndi RAM yobwereka ija. Ngati n'kotheka, tengani fayilo yanu ya RAW pa flash, muiyese mukuyang'ana wotchi.

Ngati ndalama zikungokwana laputopu wamba, onetsetsani kuti RAM ndi 16 GB ndipo ili timitengo tiwiri, pakuti GPU yomangidwira pamodzi imadalira kwambiri liwiro la RAM. Kumbukiraninso kuti Lightroom ndi yolipira mwezi ndi mwezi, pamene darktable ndi RawTherapee ndi aulere, amatsegula RAW ndipo ali ndi zida zochotsera noise zomwe zimayenda ngakhale pa laputopu wamba.

Pomaliza, bwererani ku mabeseni aja. Mukachulukitsa kuwala kanayi, noise poyerekeza ndi chithunzi imatsika ndi theka. Kwa wojambula maukwati mlungu uliwonse, wokhala ndi magetsi odalirika, GPU yapayokha ndi yoyenera mtengo wake. Kwa amene akungoyamba kumene, ndalama yomweyo ingathandize koposa atagulira nyali yabwino yojambulira kapena miyendo itatu yoimikira kamera.

Yesani izi kunyumba madzulo ano. Jambulani kapu m'chipinda chamdima ndi foni, kenako muyatse tochi mujambulenso. Kuzani zithunzi ziwirizo pa malo amodzimodzi, muone chimene chili ndi mchenga wambiri.