Kodi hedi ingawonjezere bwanji mphamvu za injini yakale?

Ndili Fomu 3, fizi yanga inkachokera pa galimoto imodzi: Nissan 1400 ya amalume, ija inkapangidwa ku Rosslyn, pafupi ndi Pretoria, mpaka 2008. Inkanyamula tomato ndi kachewere ku Dedza, koma ikafika pachitunda inkachita kukwawa. Tsiku lina amalume anati, "Iwe, bwera undigwirire sipanala. Tikufuna tiyipatse mphamvu." Zomwe tinamasula ndi silinda hedi, imene amakaniko amangoti hedi.

Kuti mumvetse chifukwa chake, iwalani kaye za petulo. Injini ndi pampu ya mpweya. Galamu imodzi ya petulo imafuna magalamu pafupifupi 14.7 a mpweya kuti ipse bwino. Kuthira petulo wambiri n'kosavuta, koma popanda mpweya wokwanira mungopeza utsi wakuda. Choncho funso lenileni ndi lakuti: injiniyo ikupuma bwanji? Ku Dedza funsoli ndi lalikulu, chifukwa pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 mpweya umachepa ndi gawo limodzi mwa magawo 6 poyerekeza ndi m'mbali mwa nyanja yamchere.

Hedi ndi chivundikiro cha masilinda. Mmenemo muli tinjira tolowera mpweya ndi totulukira utsi, mavalavu amene amatseka ndi kutsegula tinjirato, mapulagi, ndi kachipinda kamene moto umayakira. Mpweya wonse wa injini umadutsa mmenemo. Ndiye ofuna mphamvu amagwira zinthu ziwiri: kapumidwe ndi kafinyidwe.

Pa kapumidwe, yesani kumwa thobwa ndi kapaipi kopindika, kenako ndi kowongoka kokulirapo. Ndi zomwezo. Makaniko amasalaza mabampu otsala m'tinjira, makamaka pokhota pafupi ndi valavu, amanola pokhalira mavalavu kuti azitseka bwino, mwinanso kuika mavalavu akuluko. Koma kukuza kwambiri n'kuwononga. Njira ikakula, mpweya umayenda pang'onopang'ono, petulo sasakanikirana nawo bwino, ndipo galimoto imafooka ikamayenda ndi katundu injini ikuzungulira pang'ono. Imeneyo ndi hedi ya mpikisano, si ya tomato.

Kafinyidwe ndi kumene kunatigwetsa. Pisitoni ikamakwera imafinyira mpweya ndi petulo m'kachipinda kaja, ndipo kuchuluka kwa kufinyako kumatchedwa compression ratio. Tiwerengere limodzi. Injini ya Nissan 1400, yotchedwa A14, ndi ya 1,397 cc ndipo ili ndi masilinda 4, ndiye iliyonse ndi pafupifupi 349 cc. Tiyerekeze kuti malo otsala pamwamba pisitoni ikafika kumapeto ndi 42 cc. Tiphatikize 349 ndi 42, tigawe ndi 42: tipeza 9.3. Tsopano tipale pansi pa hedi pamakina mpaka malowo atsike kufika 36 cc. Tiphatikize 349 ndi 36, tigawe ndi 36: yankho ndi 10.7. Mwaona? Tachotsa 6 cc basi, yongoposa pang'ono kasupuni ka tiyi, koma nambala yalumpha.

Kufinya kwambiri kumathandiza kuti kutentha kochuluka kusanduke ntchito m'malo mothawira ku ekizozi. Koma phindu lake si lalikulu monga anthu amaganizira: kuchoka pa 9.3 kufika 10.7 sikuwonjezera mphamvu ngakhale ndi 5 pa 100. Mtengo wake ndiye woopsa. Mpweya ukafinyidwa umatentha, monga pampu ya njinga imatenthera m'manja. Kukatentha mopitirira, petulo amene moto wa pulagi sunamufike amaphulika yekha, ndipo mumamva kulira ngati misomali ikugwedezeka m'chitini. Amakaniko amati injini ikunoka. Nambala ya octane ya petulo imatiuza mmene amapiririra kufinyidwa asanaphulike chotero.

Amalume anapalitsa hedi osayeza chilichonse. Masiku oyamba ankasekerera, ati galimoto yasanduka mnyamata. Kenako tinatsikira ku Golomoti kukatenga katundu. Kumeneko n'kotsika ndiponso kotentha, ndiye masilinda ankadzaza mpweya wambiri, wotentha kale. Titayamba kukwera Khwekhwelere, misomali ija inayamba kulira. Ndinati, "Amalume, mukumva?" Iwo anati, "Ikuyimba imeneyo." Tisanafike pamwamba, muvi wa kutentha unakwera, ku ekizozi kukutuluka nthunzi yoyera. Gasiketi, kachisamba kotseka pakati pa hedi ndi buloko, inali itapsa, madzi akulowa mu silinda. Hedi ya A14 ndi ya aluminiyamu, ndipo itatenthedwa choncho inapindika. Galimoto inaima milungu itatu, ndipo teremu imeneyo fizi ndinalipira mochedwa.

Ulendo wachiwiri tinachita mwa sayansi. Tinagula hedi ina yogwirapo kale ntchito, n'kuitembenuza, mavalavu ndi mapulagi zili m'malo. Pa kachipinda kalikonse tinaikapo pulasitiki yolimba yoonekera yokhala ndi kabowo, n'kumathira palafini ndi sirinji tikuwerenga ma cc. Titadziwa nambala, tinapalitsa pang'ono pongofuna kuwongola, tinasalaza tinjira, tinanola mavalavu. Pomanga tinatsata ndondomeko ya mabawuti, kuyambira pakati kupita kunja, ndi sipanala yoyeza kulimba. Pomaliza tinakonza taimingi ya moto ndi kabuleta, n'kutsuka rediyeta, poti mphamvu zikachuluka kutentha nakonso kumachuluka.

Galimotoyo sinasanduke ya mpikisano. Koma chitunda chimene inkakwera pa giya 2 inayamba kukwera pa giya 3, osalira.

Nayi ntchito yanu: injini ina ili ndi silinda ya 400 cc ndi malo otsala a 50 cc. Pezani compression ratio yake. Kenako werengerani ma cc oyenera kuchotsa kuti ifike 10. Mukapeza yankho, muona kuchepa kwa chitsulo chimene chinaimitsa galimoto ya amalume.