John Vernon: kwawo dokotala wachilungamo, ku Hollywood bwana wouma mtima

Amene adaonera filimu ya Dirty Harry ya 1971 akumukumbukira meya wa San Francisco wokangana ndi Clint Eastwood uja. Ameneyo adali John Vernon, wobadwira ku Saskatchewan, Canada, mu 1932.

Kwawo adatchuka mu 1966 ndi sewero la Wojeck pa kanema wa CBC, momwe adali dokotala wofufuza imfa za anthu mosaopa akuluakulu. Atafika ku Hollywood zidatembenuka: iye ndiye adasanduka mkulu woipayo, monga Dean Wormer mu Animal House ya 1978, ndipo chizindikirocho chidamukanirira.

Mawu ake olemera adamupezeranso ntchito kumene nkhope siioneka. Ndiye adalankhulira Iron Man m'makatuni a 1966, kenaka Rupert Thorne mu Batman. Adamwalira ku Los Angeles mu 2005.