Kodi mumadziwa? Matenda a Addison pamodzi ndi khansa ya m'mawere

Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kakang'ono kotchedwa adrenal, komwe kamapanga homoni ya cortisol. Tiziwaloti tikafooka, munthu amadwala matenda a Addison, omwe dokotala Thomas Addison wa ku London anawafotokoza mu 1855. Kuno ku Africa kawirikawiri amayamba chifukwa cha TB. Wodwala amamwa mapiritsi a hydrocortisone tsiku lililonse, moyo wake wonse.

Nanga mayi wotere akapezekanso ndi khansa ya m'mawere? Apa mpofunika kusamala kwambiri. Thupi la munthu wina aliyense likakumana ndi opaleshoni limawonjezera lokha cortisol, koma la mayiyu silingatero. N'chifukwa chake madokotala amamubaya hydrocortisone wa 100 mg opaleshoni ikamayamba.

Chemotherapy ndiye imasokoneza zedi. Nseru, kusanza, kufooka ndi chizungulire zomwe mankhwalawa amabweretsa n'zimenenso zimaoneka cortisol akatsikiratu, choncho achibale amangoti, "Ndi mankhwala awa, zipita." Chonsecho mapiritsi aja atuluka ndi masanzi, magazi akuthamanga mofooka, ndipo munthu akhoza kufa. Dexamethasone, yemwe amaperekedwa poletsa kusanza, salowa m'malo mwa fludrocortisone, mankhwala osunga mchere m'thupi omwe odwala ambiri amamwanso.

Chodabwitsa n'chakuti m'zaka za m'ma 1950 madokotala ankachotsa dala tiziwalo ta adrenal pofuna kuchepetsa khansa ya m'mawere yomwe yafalikira.

Ngati muli ndi matenda a Addison, uzani dokotala wa khansa chithandizo chisanayambe. Mukasanza mapiritsi anu, musadikire kuti kuche: thamangirani kuchipatala akakubayeni jakisoni.