Kodi mumadziwa? Mkuwa woyenda m'kati mwa mwala

Kodi mumadziwa kuti magetsi a ku Kafue Gorge akamadutsa m'nthambo, mkuwa wa m'nthambomo susuntha? Zoyenda ndi tinthu tosaoneka totchedwa maelekitironi. Koma ilipo miyala ina imene mkuwawo ndiwo umanyamuka n'kuyenda, mwala uli chilimbire.

Kodi mumadziwa kuti umodzi mwa miyalayi umakumbidwa ku Copperbelt, kumtunda kwa mtsinje womwewu wa Kafue? Dzina lake ndi chalcocite, wotuwa moderapo, ndipo pa atomu iliyonse ya sufule pali maatomu awiri a mkuwa. Ukatenthedwa kufika madigiri 103, kungopyola pang'ono powirira madzi, kayalidwe ka m'kati mwake kamasintha. Sufule amatsala m'mizere yake osagwedezeka, koma mkuwa umayamba kudumpha mpata ndi mpata utanyamula mphamvu ya magetsi, monga madzi amapitira pakati pa mizati ya mlatho wa njanji wa pa Kafue, uja wa mu 1906. Kuuona ndi maso, ndi mwala basi.

Nanga mumadziwa kuti mkuwa wosakanizidwa ndi ayodini, copper iodide, umachita zomwezo? Wokhawo umafuna moto wopitirira madigiri 400.

Kodi mumadziwa kuti mu 1979 Takehiko Takahashi ndi anzake ku Nagoya, m'dziko la Japan, anapanga mchere wa mkuwa, rubidium, ayodini ndi kolorini umene mkuwa wake umayenda popanda kuuwotcha n'komwe? Mpaka lero uli m'gulu la zinthu zolimba zopambana pa ntchito imeneyi.

Yondikhudza mtima nayi. Mu 2012 akatswiri a ku China ndi America anaonetsa kuti mkuwa wosakanizidwa ndi selenium, copper selenide, umasandutsa bwino kutentha kukhala magetsi. Chinsinsi chake n'chakuti mkuwa wosakhazikikawo umatchinga kutentha, mbali imodzi n'kukhala yamoto, ina yozizira, magetsi n'kutuluka. Tangoganizani kutentha kumene kumangothera m'mwamba pa ng'anjo za fakitale ya zitsulo ku Kafue kuno, pamene m'makomboni malaiti athima!

Koma mumadziwa vuto lake? Mkuwa woyenda sudziwa poima. Umakaunjikana mbali imodzi, chipangizo chopangira magetsicho n'kufooka. Matenda omwewa ndiwo anagwetsa masola a mkuwa ndi sufule m'zaka za m'ma 1980. Masiku ano ofufuza akuyesa kudula chipangizocho m'zigawozigawo n'kuika timakoma topyapyala pakati, tolola maelekitironi kudutsa koma totsekereza mkuwa.