Nkhukundembo ya pa Khrisimasi isaume: ibayeni batala

Amayi ambiri amadandaula kuti akawotcha nkhukundembo, nyama ya pachidale imauma gwa ngati chikuni, alendo n'kumangomezera madzi. Vuto ndi lakuti chidale chilibe mafuta ambiri ndipo chimapsa msanga kuposa ntchafu.

Mankhwala ake ndi batala. Sungunulani theka la kapu ya batala kapena majarini, thiranimo adyo wosinja, madzi a ndimu, tsabola ndi mchere pang'ono. Sefani kuti zisatseke singano, ndipo zikazizirako, bayani mbali zonse ziwiri za chidale ndi m'ntchafu, mukukankha pang'onopang'ono uku mukusolola singano.

Koma tamverani ana anga. Jakisoni akhale wakukhitchini kapena watsopano wamupaketi. Wogwiritsidwa kale ntchito kuchipatala ayi ndithu, chifukwa angakhale ndi magazi okhala ndi HIV kapena hepatitis B.

Dziwaninso kuti singano imakankhira mkati mwa nyama tizilombo ta pakhungu monga salmonella, timene timatsegulitsa m'mimba, makamaka ana aang'ono ndi okalamba. Choncho nyama ipse mpaka madigiri 74 pakati pa ntchafu. Ngati mulibe chopimira, bayani ndi mpeni pamenepo. Madzi otuluka akafiirira, ibwezereni mu uvuni. Batala wotsala mutaye, musambe m'manja ndi sopo.

Ikapsa, dikirani mphindi 20 musanadule kuti msuzi ukhazikike. Yotsala ilowe mufiriji pasanathe maola 2. Ngati pakhomopo pali wodwala BP, chepetsani mchere, muonjezere ndimu.